Pamene Habiba Analoza

Chaka chimene a ku boma anaganiza zoti Kamchenga asanduke tauni, Habiba anali ndi mathandala asanu ndi limodzi oyanikapo usipa, mwamuna wofatsa, ndi pakamwa posaopa munthu. Pakamwapo ndi pamene panamulowetsa m'komiti ya chitukuko. Zipani zinali zitangobwera kumene, makadi okakamiza a chipani aja atatha, ndipo aliyense wotsika galimoto ya boma ankafika ndi nyimbo imodzimodzi: anthu afunsidwe, amayi alankhule. Atanena kuti m'komitimo mukufunika mayi mmodzi, amayi a kugombe sanataye nthawi. Anati apite Abiti Binali, poti iye amakalipira ngakhale madalaivala a malole. Abiti Binali ndiye Habibayo, ndipo udindowo anaulandira ndi manja awiri.

Kamchenga weniweniyo sanali malo oti munthu n'kuwatchula tauni osaseka. Panali mzere umodzi wa magolosale, chigayo, mzikiti, sukulu ya malata adzimbiri, ndi gombe la asodzi, kamtunda ndithu kumpoto kwa Senga Bay. Koma mabwana a ku Lilongwe anali atayamba kubwera Loweruka lililonse, kumayenda mumchenga nsapato zili m'manja, akufunsa za mapuloti. Ndiye panalembedwa pulani: msika wa njerwa, mapuloti a nyumba zogona alendo, ndi msewu waukulu wochoka ku tala kukafika kugombe. Msewuwo unayenera kudutsa kuseri kwa manda a Asilamu.

Wobwera ndi pulaniyo anali Mayi Perpetua, wa ku Dedza kwawo, wophunzira bwino, Mkatolika woyenda ndi kolona m'chikwama. Mayiyu analibe nkhanza ngakhale pang'ono, ndipo n'chimene chimapweteka pa nkhani imeneyi. Ku ofesi kwawo galimoto inali imodzi, yolimbirana, ndipo iye tsiku lake linali Lachisanu. Choncho anafika Lachisanu, dzuwa lili paliwombo, mwezi wa Juni. Amuna amphamvu onse anali ku chilumba cha Mbenji kuyambira Epulo, kumene asodzi amakhala miyezi akupha utaka ndipo mkazi saloledwa kupondako. Madala otsala, pamodzi ndi wapampando wa komiti, anali atalowa mumzikiti kukaswali. Amene anatsatira galimotoyo mpaka kumanda anali amayi okhaokha, a kugombe atafunda mipango yawo, ndi akazi a aphunzitsi atanyamula maambulera.

Mandawo anali kankhalango kowirira, ndipo kuseri kwake kunali mchenga wa udzu wapatalipatali kumene mbuzi zinkadya. Amayi a kugombe anaima chapatali. Rodgers, bambo woyeza malo amene anabwera ndi Perpetua, anatsitsa mtolo wa zikhomo zopaka penti yofiira.

"Amayi, apa tisalakwitsepo," anatero Perpetua. "Msewu wathu usakhudze manda ngakhale amodzi. Ndani ali ndi m'bale wake m'menemu?"

Onse anali nawo, koma wina kumbuyo anatchula wa m'komiti. "Abiti Binali ali ndi mwana."

Perpetua anamugwira Habiba padzanja. "Pepani, mayi. Ndiye inuyo mukudziwa bwino kuposa tonsefe. Tilozereni pamene manda amathera."

Kwawo kwa Perpetua mayi amaperekeza mwana wake mpaka kudzenje, amaikapo nkhata ya maluwa, ndipo pakapita zaka amabwera kudzaona chiliza cholembedwa dzina. Sanaganizeko kuti kwina zimayenda mwina. Ku Kamchenga mkazi amatsala pakhomo, kumanda amapita ndi amuna. Naima, mwana woyamba wa Habiba, anamwalira ndi chikuku ali ndi zaka ziwiri, zaka khumi ndi chimodzi zapitazo. Habiba anamuona komaliza atakulungidwa mu sanda, nsalu yoyera ija, ali m'manja mwa bambo wake Musa, akukhota pakona ya mzikiti pakati pa amuna. Kumene anakamugoneka sanakuone. Musa sanakambepo, iyenso sanafunsepo, ndipo manda a kumeneko samangidwa ziliza. Kamulu ka mchenga kamasalala mvula ikagwa kawiri katatu.

Habiba akanatha kunena kuti sindikudziwa. Koma akazi a aphunzitsi ankamuyang'ana pansi pa maambulera awo, ndipo Habiba ankamva kale zimene akakambe pa mjigo: ndi mayi wanji wosadziwa pamene pagona mwana wake? Anzake a kugombe nawonso ankamuyang'ana, poti anamusankha kuti aziyankha, osati azichita chibwibwi pamaso pa alendo. Manyazi anamugwira. Anatukula dzanja n'kuloza pamene pankathera mitengo.

"Ndi pamenepo," anatero, ndi mawu ake aja okalipirira madalaivala.

Rodgers anasiya mapazi asanu a ulemu kuchokera pamitengopo n'kuyamba kukhoma. Perpetua anatulutsa pepala loti mayi wa m'komiti asainire kuti anthu afunsidwa. Habiba dzina ankatha kulemba, anaphunzira ku sukulu ya kwacha, ndipo analemba pang'onopang'ono kuti akazi a aphunzitsi aone. Pamene madala ankatuluka mumzikiti, galimoto inali itapita, zikhomo zofiira zitandanda mizere iwiri mumchenga.

Chinamukumbutsa si china ayi koma ntchito ya manja. Masana omwewo akutembenuza usipa pathandala, maganizo ali poyera, anamva mawu a malemu apongozi ake ngati alankhulidwa dzulo. Inali sabata ya maliro a Naima, nyumba itadzaza amayi, ndipo apongoziwo ankanong'oneza mnzawo kuti chikuku chatha ana, m'nkhalangomo malo atha, amuna ayamba kuika tiana kunja, kumchenga. Nthawi imeneyo Habiba anangomva ndi khutu limodzi, poti mutu wake unali kwina. Tsopano anamva ndi onse awiri. Kunja kwake kuti? Chakunyanja, chakumzikiti, kapena kuseri kumene kunali zikhomo? Usipa unamugwa m'manja, ndipo anachita mantha amene sanawamvepo chibadwire.

Anapita kwa Abiti Mose, mnansi wake, amene chaka cha chikuku chomwecho anataya ana awiri sabata imodzi. Anamupeza akusoka thumba la nsomba. Habiba anazungulira nkhani, za mitengo ya mchere, za mwera wochedwa, mpaka anafika pofuna.

"Kodi ana a chaka cha chikuku aja anawaika mbali iti?"

Abiti Mose anasiya singano. "Mukufunsa ine? Ine ndimayesa amuna anu anakuuzani. Mmene munalozera muja, tonse tinati Abiti Binali akudziwa."

"Ndikudziwa," anatero Habiba. "Ndimangofuna kumva ngati tikudziwa zofanana."

Abiti Mose anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatola singano yake.

M'mawa mwake Habiba anakagogoda kwa Shehe. Shehe wakale, amene anaswalira ana onse a chaka chija, anali atamwalira, ndipo watsopanoyu anachokera ku Mangochi zaka zitatu zokha zapitazo. Anamvetsera atazolika, ndipo atamva zonse anafunsa funso limodzi.

"Nanga munalozeranji, mayi?"

Habiba, amene sankasowa yankho pamsika, anangoyang'ana mphasa. Shehe sanamukakamize. Anaitanitsa madala atatu, ndipo madalawo anakangana mpaka tiyi anazizira. Wina anati ana anaikidwa chakunyanja, wina anati kuseri, wachitatu anati chaka chimenecho iye anali ku migodi. Okumba manda a chaka cha chikuku anali anyamata a nthawiyo, amene tsopano ndi abambo a pa Mbenji. Shehe anamaliza nkhani ndi mawu amene aliyense anagwirizana nawo.

"Tidikire eni ake abwere. Za boma sizithamanga, mayi. Mjigo uja anatiyeza katatu tisanamwe madzi. Inshallah, zikhomozi zidyedwa ndi chiswe msewu usanafike."

Zinali zoona, koma Habiba mtima sunakhale pansi. Lolemba anakwera matola kupita ku Salima, atapanikizidwa pakati pa madengu a nsomba, ndipo anafunsira njira mpaka anapeza chitseko cha Perpetua. Pakhoma panali mapu aakulu. Kamchenga yense anali pamenepo, woyera, wamizere yowongoka, wopanda ntchentche ngakhale imodzi. Manda anali kabokosi kobiriwira, ndipo msewu unadutsa m'mbali mwake ngati mpeni wodula sopo.

Perpetua anamulandira bwino, anamupatsa mpando, ndipo atamva nkhaniyo nkhope yake inagwa.

"Mayi, bwanji simunanene tsiku lija?"

"Ndinachita manyazi."

Aka kanali koyamba Habiba kutchula mawuwo, ndipo anadabwa kuti ndi opepuka chonchi tsopano pamene sangathandizenso. Perpetua anaima pa mapu aja nthawi ndithu. Anati pulani inapita kale ku Lilongwe ndipo othandiza ndi ndalama anaivomereza, koma msewu ukhoza kusunthidwa ngati pali umboni. Sakanalembera akuluakulu kuti mwina pali manda. Akanamufunsa kuti ali pati, ndi angati, waona ndani.

"Mundibweretsere munthu woti aime pamalopo n'kunena kuti ndi pano. Ine ndilemba kalata tsiku lomwelo. Nthawi ilipo, gileda sibwera mpaka Seputembala."

Gileda ndiye chigalimoto chachikasu chija chopalira misewu. Habiba anawerenga pa zala: miyezi itatu. Musa ankabwera kunyumba kamodzi pamwezi, ndipo ulendo wotsatira unali sabata zitatu kutsogolo. Anabwerera kwawo akupuma bwinoko, akukonza m'mutu mmene akayambire nkhaniyo ndi mwamuna amene kwa zaka khumi ndi chimodzi sanatchulepo dzina la mwanayo m'nyumba.

Koma zaka zimenezo boma linali litaphunzira kuthamanga pakamveka msonkhano. Pasanathe masiku khumi kunabwera mbiri yakuti akuluakulu a chipani adzachititsa msonkhano kugombe Loweruka la sabata yamawa, ndipo magalimoto awo sangayende mumchenga. Nsalu za chipani zinayamba kugawidwa. Wapampando wa komiti anapaka laimu golosale yake. Msewu wa Seputembala unasanduka msewu wa sabata yamawa, ndipo anthu anasangalala, poti ndani sasangalala ndi msewu.

Habiba anathamangira kugombe kwa Che Abbas, amene ankapititsa ufa ndi nkhuni ku Mbenji pa boti la injini. Nkhani yonse sakanaituma kudzera mwa mwamuna wina, pagulu la anthu okweza katundu. Kuyambira pamene mwana wawo wachiwiri anabadwa, aliyense ankamutchula Musa kuti bambo a Bilali. Habiba anasendera pafupi ndi Che Abbas.

"Mukawauze bambo a Naima abwere msanga."

Che Abbas anatembenuka, thumba lili paphewa. Anali wamkulu mokwanira kukumbukira. "Bambo a ndani?"

"Mwamva. Mukanene chomwecho, musasinthe."

Boti linanyamuka Lolemba m'mawa nyanja ili phee. Masana mwera unayamba. Mphepo imeneyi ikagwira m'miyezi yozizira simvera munthu, ndipo ulendo uno inabwera ndi mkwiyo wa masiku onse amene inachedwa. Nyanja inada, mafunde anafika mpaka pa miyendo ya mathandala, ndipo mabwato onse anakokeredwa kumtunda. Habiba ankaima kugombe mpango ukumukwapula kumaso, akuyang'ana kumene kuli chilumba, ngakhale ankadziwa kuti wanzeru sangaoloke nyanja yotere.

Lachiwiri gileda inafika, ana a sukulu akuithamangira pambuyo. Inaima pabwalo la sukulu n'kuzima, ndipo kunamveka kuti dizilo watha. Inakhala pamenepo masiku awiri, chitsulo chake chachitali chitagona pansi, mbuzi zikubisala mphepo kunsi kwake. Habiba ankadutsa pamenepo popita kumjigo ngakhale sinali njira yake. Pa swala iliyonse ankapempha chinthu chimodzi chimene sakanachitchula kwa munthu, kuti dizilo asapezeke m'dziko lonse mpaka mphepo ileke. Amayi a kugombe anali atasiya kuchita naye nthabwala. Nkhani ya kwa Shehe inali itayenda, ndipo akamadutsa ankamupatsa moni wathunthu, waulemu, wonga wopatsa mlendo.

Lachinayi m'mawa kunafika lole ndi migolo iwiri ya dizilo. Pambuyo pake panali galimoto ya ofesi, imene sabata imeneyo inapezeka ngakhale silinali Lachisanu.

Habiba anamva injini ikulira ali pathandala. Anasiya zonse n'kuthamanga. Pamene ankafika kuseri kwa manda, gileda inali itapala kale kuchokera ku tala mpaka pa chigayo, ndipo inkabwera pang'onopang'ono, ikukankha mchenga ndi zitsamba m'mbali. Habiba anadutsa amayi amene anaima chapatali, analowa pakati pa mizere iwiri ya zikhomo, n'kuima. Mapazi ake anali asanapondepo malo amenewo.

Woyendetsa gileda, bambo wa imvi dzina lake Pitala, anaimitsa n'kutsika. Anavula chipewa.

"Kwagwanji, mayi?"

"Pano pali ana."

Pitala anayang'ana Rodgers, Rodgers anayang'ana Perpetua. Wapampando wa komiti anafika akupuma wefuwefu, akunong'ona kuti Abiti Binali musatichititse manyazi, alendo akubwera mkuja. Rodgers anatulutsa pepala lija mosafuna, dzina la Habiba lili pansi pake m'zilembo zikuluzikulu. Perpetua anamuuza kuti alibweze m'chikwama. Maso ake anali ofiira, ndipo zinkaoneka kuti nayenso sabata imeneyi sinamukomere.

"Ndinayesa kuchedwetsa, mayi," anatero chapansipansi. "Andiuza kuti popanda umboni ntchito ipitirire. Bambo aja abwera?"

"Mphepo."

Pitala anakanda m'mutu. "Mayi, ine ndagwira ntchito imeneyi zaka makumi awiri ndipo manda sindipala. Ndionetseni amodzi okha. Ndizimitsa injini, andichotse ntchito ngati akufuna."

Habiba anayenda. Kunkangomveka injini ndi mphepo. Anayang'ana pansi, akufuna chizindikiro chilichonse, mwala, kamtengo kozikidwa, malo otitimira. Panali manyi a mbuzi, udzu wouma, migwalangwa ingapo, ndi mchenga wa mabampu kulikonse, poti mphepo imaunjika mchenga pa tsinde lililonse la udzu. Kamulu kalikonse kakanatha kukhala mwana, ndipo kalikonse kakanatha kukhala mchenga chabe. Anaganiza zongoloza pena paliponse kuti gileda ileke. Pitala akanazimitsadi. Koma akanakumba pamenepo kuti aone, ndipo popanda kupeza kanthu sakanamumveranso wina aliyense, ngakhale Musa atabwera. Dzanja limene linakwera mosavuta tsiku lija linakana kukwera. Anayang'ana kwa amayi anzake kuti mwina wina anena kanthu. Abiti Mose anali atagwira pakamwa ndi mpango.

"Sindikudziwa," anatero Habiba.

Shehe, amene anafika mochedwa, anapempha kuti adikire tsiku limodzi. Wapampando anati tsiku limodzi palibe, malole a dothi ali kale m'njira. Anakambirana, anakwezerana mawu pang'ono, ndipo pomaliza anagwirizana zimene anthu amagwirizana akafuna kuti aliyense asaoneke wolakwa: gileda ipale pamwamba pokha, pang'onopang'ono, Shehe akuyenda pambuyo pake, ndipo pakaoneka kanthu ntchito iime.

Perpetua anamukoka Habiba m'mbali. Chitsulo chinatsika. Chinazula udzu, chinagwetsa migwalangwa, chinasalaza mabampu onse, ndipo Shehe ankayenda pambuyo manja ali kumbuyo, maso pansi. Gileda inapita, inabwerera, inapitanso. Sipanatuluke kanthu, ngakhale kansalu. Manda a Asilamu amakumbidwa akuya, ndipo Habiba ankadziwa zimenezo monga ankadziwira wina aliyense pamenepo, koma anthu anasankha kukhazika mitima pansi.

"Mwaona, Abiti Binali?" anatero wapampando. "Panalibe kanthu. Munaloza bwino."

Perpetua anamufinya dzanja. "Mulungu ndi wabwino, mayi."

Habiba anafunitsitsa kukhulupirira. Lachisanu malole anathira dothi lofiira, chigalimoto china chinalitsendera, ndipo zitsa ndi mitengo yogwetsedwa anazikokera kutali n'kuziotcha. Loweruka magalimoto a akuluakulu anadutsa pamsewu watsopano mbendera zikuuluka, amayi akuvina m'mbali. Kumsonkhano anatchula dzina la Habiba pa chimkuzamawu monga chitsanzo cha mayi wotenga mbali pa chitukuko, ndipo anthu anaomba m'manja. Iye sanapiteko, anamva ali kunyumba, poti mphepo inali italeka ndipo mawu ankamveka patali.

Musa anafika Lamulungu m'mawa pa boti la Che Abbas. Sanabwere ndi nsomba, sanabwere ndi chikwama. Anali munthu wamtali, wolankhula pang'ono, ndipo anamupeza mkazi wake atakhala pakhonde manja ali pamiyendo.

"Mwandiitana ndi dzina lija," anatero.

Habiba anaimirira n'kuyamba kuyenda, Musa pambuyo. Anadutsa mzikiti, anakhota pakona, ndipo amayi amene anawaona anasiya ntchito zawo n'kumatsatira chapatali. Atazungulira nkhalango ija, msewu unaonekera, wofiira, wotakata, wowongoka mpaka kunyanja. Habiba anamva mapazi a mwamuna wake ataleka kumbuyo kwake, ndipo chiyembekezo chochepa chimene anali nacho chinathera pomwepo.

Musa anaima nthawi yaitali. Kenaka anakwera pamsewu n'kuyamba kuyang'ana uku ndi uku, osati pansi, koma m'mwamba, ngati munthu wofuna nyumba imene anaisiya.

"Panali mgwalangwa wopindika," anatero. "Uli kuti?"

"Anagwetsa yonse."

"Chitsa chake?"

"Anazula."

Musa anapukuta kumaso ndi chikhatho. Analankhula osamuyang'ana, mawu ake ali bwinobwino, ndipo zimenezo zinamuopsa Habiba kuposa kukalipa.

"Kuchokera pa mgwalangwa umenewo, mapazi khumi ndi awiri chakunyanja. Ndinawerenga tsiku lomwelo kuti ndisadzaiwale. Chaka chilichonse ndisanapite ku Mbenji ndimabwera kudzachita dua, kumupempherera. Ndinabwera Epulo yemweyu."

Habiba sanadziwepo zimenezo. Zaka zonsezi ankaganiza kuti mwamuna wake anaika mwanayo n'kutseka mtima, ndipo nthawi zina ankamukwiyira chamumtima chifukwa cha chete wakeyo.

Musa anapita m'mbali mwa msewu, anayang'ana nkhalango, anayang'ana denga la mzikiti, anasankha malo n'kuyamba kuwerenga mapazi. Pa khumi ndi awiri anaima pakati penipeni pa msewu. Anapukusa mutu, anabwerera, anasuntha pang'ono n'kuyambanso. Ulendo uno anathera pafupi ndi ngalande. Minibasi yoyamba kufika kugombe la Kamchenga inatulukira ikuimba hutala, kondakitala akuitana a ku Salima, ndipo Musa anapatuka kuti idutse. Fumbi litatsika, anayambanso.

Habiba anakwera pamsewu n'kuima pamene mwamuna wake anaima.

"Ndi pano?"

"Mwina. Mwina ndi apo. Mtengo uja ndi umene unkandiuza."

Abiti Mose anali atasendera mpaka m'mphepete mwa dothi lofiira, osaliponda. "Che Musa," anatero, "nanga anga awiri aja?"

"Anali mzere womwewu, mayi. Tinaika ana khumi ndi anayi kunja kuno."

Panalibe amene analira. Amayi anangoima mzere m'mbali mwa msewu, akuyang'ana dothi. Musa anayang'ana zikhomo zofiira zimene zinatsala m'mphepete, kenaka anafunsa, osati kwa munthu mmodzi, koma kwa onse.

"Anawauza ndani anthu a boma kuti manda amathera pa mitengo?"

Palibe amene analoza Habiba. Akanatha kukhala chete, ndipo amayiwo akanamusungira mpaka madzulo, mwina mpaka mawa.

"Ndine," anatero Habiba.

Musa anatembenuka. Pankhope pake panalibe mkwiyo, panali kudabwa kokha, ngati akuona munthu amene amamudziwa atavala zovala za wina.

"Inu? Bwanji simunandifunse?"

"Zaka khumi ndi chimodzi, bambo a Naima. Bwanji simunandiuze?"

Anayang'anana pakati pa msewu. Musa ndiye anayamba kugwetsa maso. Anabwerera m'mbali, anasankha malo ena, n'kuyambanso kuwerenga. Habiba anapita pambali pake, ndipo anawerengera limodzi mpaka khumi ndi awiri. Anaima, anayang'ana pansi, kenaka anabwerera kukayambira pena.